Kathumba ka Pansi pa Pilo

3 Meyi

Mwana wanga Kansingano,

Ndayamba ndi moni. Unafika bwino ku tauni? Ife kuno tadzuka, bondo lokha ndi limene likukana kupalasa makina. Azakhali ako ali bwino, ndipo pakamwa pawo ndi pamene pali bwino kuposa thupi lonse.

Upirire nazo zilembo zokhotazi. Ukudziwa kuti bambo ako sukulu anangoidutsa kuseri. Zilembo anandiphunzitsa ndi malemu mayi ako, pa tebulo lodulira nsalu, ndi choko changa chojambulira. Kalata imodzi imandidyera nthawi yosoka mabuluku awiri.

Tinakondwa kuti unabwera, ngakhale anali masiku atatu okha. Ndinaona kuti wasintha. Kale dzuwa linkakupeza pabedi, pano ukumandiyambirira ine kudzuka, Baibulo lili m'manja. Lachitatu unakana chakudya, azakhali ako mpaka anatupa, amvekere mwana wanyoza mphika wanga. Ndinawauza kuti musiyeni, akusala, ndi maphunziro a ku tchalitchi kwawo amenewo. Undifotokozere bwino za maphunzirowo, chifukwa pakhonde paja unkalankhula mothamanga ngati makina a magetsi, ine ndinangotola apa ndi apo.

Chitseko cha shopu chimene unakonza chikutseka bwino tsopano. Odutsa ndikumawauza kuti mwana wanga ndi wowotcherera zitsulo, zamatabwazi amangochita ngati masewera.

Tsopano ndili ndi kafunso. Ndataya kathumba kanga. Ndi kakang'ono kokwana m'chikhatho, ka nsalu ya khaki, koma kanada ndi thukuta la m'manja. Kukamwa kwake n'komanga ndi chingwe cha nsapato. Kamakhala pansi pa pilo. Utanyamuka, m'mawa mwake ndinapisa dzanja, palibe. Poti ndiwe unandiyalulira pabedi ndi kundichapira zofunda tsiku lija, mwina kanakulungika m'zovala zako. Tayang'ana m'chikwama. Si kanthu kamtengo ayi, koma ndikukafuna. Usandifunse zambiri.

Uzidya masiku enawo. Dzina lako la Kansingano tinakupatsa uli mwana chifukwa cha kuonda, sitinanene kuti ukhale nalo mpaka imvi.

Ndine bambo ako.


14 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino. Bondolo muzilipumitsa, makina sathawa. Ine ndili bwino. Mwezi uno ku ntchito tikuwotcherera mafelemu a mawindo a sukulu ina.

Za maphunziro zili chonchi. Tilipo anthu khumi ndi asanu, timakumana Loweruka lililonse masana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Aphunzitsi athu amati kutsata Yesu kuli ngati ntchito ya manja, munthu saidziwa tsiku limodzi, amachita kubwereza mpaka manja azolowere. Ndiye aliyense anapatsidwa pepala la mizere. M'mawa uliwonse timawerenga machaputala atatu ndi kupemphera theka la ola, tikatero timachonga. Lachitatu timasala. Sabata iliyonse timaloweza mavesi asanu. Bambo, pa miyezi isanu sindinaphonye tsiku ndi limodzi lomwe. Aphunzitsi mpaka anaonetsa pepala langa kwa anzanga.

Chimene chimandivuta ndi theka la ola lija. Mphindi zisanu zikatha mawu amandithera, ndimangotsala ndikuyang'ana wotchi. Koma ndimachonga ndithu, poti ndimakhala ndagwada.

Za kathumba, musavutike mtima. Pali zinthu zina zikatayika, chimakhala chifundo cha Mulungu. Munthu akhoza kukhala m'tchalitchi zaka makumi anayi koma mwendo umodzi uli panja, osati chifukwa cha kuipa mtima, koma mantha. Sindikukuweruzani, ndinu bambo anga ndipo ndimakukondani. Ndikungoti Yesu yekha ndi wokwanira kukutetezani.

Kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 21 ndi masabata athu atatu otsiriza. Tinapangana kuti sitiwerenga china chilichonse koma Baibulo, nyuzipepala ayi, kalata ayi. Mukaona kuti ndili zii, musade nkhawa. Pa 21 masana tidzatentha zinthu za mumdima zimene aliyense wachotsa m'nyumba za kwawo, ndipo mawa lake, Lamulungu, tidzalandira masetifiketi. Mgolo wotenthera ndadula ndine, ndaubowola bwino m'munsi kuti moto uzikoka mpweya.

Mundipempherere kuti nditsirize bwino.

Ine mwana wanu.


14 Meyi

Azakhali,

Moni. Iyi ndaidzeretsa kwa amayi amene mumagulitsa nawo ku msika kuti Bambo asaione. Kathumba kali ndi ine. Munanena zoona, m'kati muli tinthu tolimba togundana. Sindinakamasule, aphunzitsi anati zotere sitisuzumira. Ndakatsekera m'chitini cha penti ku ntchito, sindikufuna kugona nako m'nyumba. Musawauze mpaka titatentha. Adzakwiya masiku awiri, kenako adzatithokoza. Mundilembere mmene akukhalira.

Ine mwana wanu.


24 Meyi

Iwe Kansingano, mwana wa achimwene,

Moni. Kuno tilipo, tomato yekha ndi amene akuolera pa benchi poti chaka chino aliyense walima. Wanenepako, kapena ukusalabe mpaka mphepo ikunyamule?

Kalata yako ndinakawerengera kuseri kwa msika ngati wakuba. Bambo ako atembenuza nyumba yonse. Anasomola matiresi n'kuwasokanso. Anakhuthula ngakhale chitini changa cha shuga. Dzana anakafukula kudzala ndi ndodo, ine ndili pakhomo kumangoti pepani achimwene, kapena ndi makoswe. Mulungu andikhululukire, makoswe a m'nyumba muno ndawanamizira mokwanira.

Ine ndinakuuza zimene ndinaona ndi maso angawa. Chibwerereni kuno banja langa litatha, zaka zinayi tsopano, m'mawa uliwonse asanagwire lumo amadzitsekera m'chipinda. Ndikasuzumira pa mng'alu wa chitseko, ali chogwada, jekete ili m'thupi, kathumba kali pabedi, milomo ikugwedera, dzanja likuchoka m'thumba ili kupita m'thumba ilo. Ndikafunsa amati, mlongo wanga, za m'chipinda n'za m'chipinda. Nanga munthu uganiza chiyani? Mkulu wathunthu woimba nyimbo zonse za m'buku pamtima, koma kumanong'oneza kansalu.

Koma pano akundimvetsa chisoni. Akudzitsekerabe, koma akumatuluka msanga, nkhope itagwa. Amakhala pa makina osapalasa, kumangowerenga zala. Dzulo anandifunsa kuti, mayi uja wotsimphina ankagulitsa makala pafupi ndi mpope, mwana wake wodwaladwala uja anali wamwamuna kapena wamkazi? Ndinati mayi ameneyo anasamuka kalekale, mukumufuniranji? Anangoti, akundipulumuka. Ukudziwa kuti mutu wawo chaka chino wayamba kudontha. Magalasi amawafunafuna ali pamphuno.

Amayi a pa benchi loyandikana nane akuti ndi mmene zimakhalira, mankhwala akamachoka m'thupi munthu amayamba wafooka. Ndiye tilimbe mtima, iwe ndi amene waphunzira. Koma ine mtima wanga ukuchita ngati ndalanda ndodo ya wakhungu.

Ndine azakhali ako.


30 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Ndayamba lero Lachisanu, sindikudziwa kuti nditsiriza liti, chifukwa iyi ndi yaitali. Ukhale pansi.

Kalata yako ndaiwerenga kanayi. Koyamba ndinakondwa. Kachiwiri ndinakondwabe. Kachitatu ndinaima pa mawu aja a mwendo umodzi panja. Kachinayi ndinaona mgolo. Bambo ako ndi wochedwa, koma telala akaona msoko amadziwa pamene singano inalowera. Ndinaitana azakhali ako. Sindinawafunse kanthu, ndinangowayang'ana, iwo n'kuyamba okha kulira ndi kuulula.

Sindinakwiye. Poyamba ndinaseka mpaka kutsokomola, kuti ine pa ukalamba uno ndasanduka wa zithumwa. Kenako anandigwira mantha.

M'kathumbamo muli mabatani. Mabatani basi, makumi awiri ndi atatu. Batani lililonse ndi munthu. Ndiyambe pachiyambi.

Unali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene lole ija inagunda mayi ako pa mphambano. Ukukumbuka kuti patatha sabata dalaivala wake anabwera ku shopu kudzapepesa, atavala jekete yakuda. Iwe unali kuseri kwa makina. Ine sindinamulole kutsiriza mawu. Ndinamugwira pachifuwa n'kumukankhira kunja. Atapita ndinafumbatula dzanja, ndinapeza mwatsala batani la jekete yake, lachitsulo, lalikulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu.

Kuyambira pamenepo Pemphero la Ambuye linkandiima pakhosi. Tikafika paja timapempha kuti atikhululukire monga mmene ifenso timachitira ndi anzathu, ndinkatseka pakamwa, mpingo udutse, ine n'kukawapeza kutsogolo. Ndinatero miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku lina mkulu wa mpingo uja ankakonza njinga, malemu tsopano, amene ankakhala pambali panga pa benchi, anandikoka potuluka. Anati, Atelala, mumadumpha mzere. Ndinamuuza zonse. Ndinamuonetsa ndi batani lomwe, poti ndinkayenda nalo m'thumba kuti mkwiyo usandizizire.

Iye anati, Yesu anatiuza kuti tizipempherera adani athu, sananene kuti tiyambe tadikira mtima ufune. M'mawa uliwonse musanagwire lumo, gwirani batani ili, munene kuti Ambuye, mudalitseni munthu uyu ndi ana ake. Ndinati likhala bodza. Iye anati, wophunzira njinga amagwa tsiku ndi tsiku, koma sitinena kuti akunama.

Ndinayamba. Chaka choyamba ndinkanena mano atalumana. Masiku ena ndinkangogwira batani, mawu osatuluka, mpaka makasitomala kugogoda. Zaka zinapita. Chaka cha khumi ndi chimodzi, m'mawa wina, ndinangodzipeza ndikufunsa Mulungu kuti kodi munthu ameneyu amapeza tulo? Tsiku limenelo ndi limene mwala unachoka pachifuwa panga.

Loweruka. Dzulo dzanja linatopa.

Enawo anabwera pambuyo. Ine sindingasunge mndandanda wa papepala ngati wako, kuwerenga kumandichedwetsa. Koma chala cha telala chimadziwa batani ngakhale maso atatsinzina. Ndipo telala amamva zambiri. Munthu akakweza manja kuti umuyeze, pakamwa pamamasukanso. Uyu mkazi wake ali m'chipatala, uyu mowa wamugwira pakhosi, uyu mwana wake anapita osatsanzika. Ndikamva kuti munthu ali pa moto, ndinkasunga batani limodzi lotsala pa chovala chake. M'mawa ndimawakhuthulira onse m'thumba lamanja la jekete, n'kumatulutsa limodzi limodzi. Ndikamupempherera mwini wake ndimaliponya m'thumba lamanzere. Lamanja likatha, ndiye ndatsegula shopu.

Lako lilimo. Ndi loyera, la mabowo anayi, la malaya ako oyamba a sukulu, lobenthuka m'mbali poti unkalitafuna. La azakhali ako ndi lofiira, la diresi limene anavala tsiku lobwera kuno ndi chikwama chimodzi. Iwo ayamba kumva zimenezi dzulo.

Sindinauze munthu chifukwa Ambuye anati popemphera tizitseka chitseko. Ine ndinatseka n'kuiwala kuti m'nyumba muli anthu a maso. Pamenepo ndinalakwa ndine. Ndipo m'kalata yoyamba ija ndinati usandifunse zambiri, ndinawonjezera nkhuni.

Lolemba, pa 2 Juni. Dzulo linali la Mulungu, sindinalembe.

Vuto langa ndi ili. Mutu wayamba kutaya. Dzina limandithawa, koma batani likakhala pachala, munthu yense amabwera, nkhope yake ndi katundu wake. Chitayikireni kathumba ndikumafika pa khumi ndi asanu ndi awiri n'kuima. Lero ndafika pa khumi ndi asanu ndi mmodzi. Ena mwa anthu amenewa alibe wina wowatchula kwa Mulungu, anasamuka, sindingakawafunse.

Usakatenthe, mwana wanga. Kamasule uone wekha. Ndikudziwa kuti unati suwerenga makalata masabata ano, koma mwina ukaona zilembo zokhota za bambo ako mtima ukutuma. Ndikupita nayo ndekha ku positi, bondo lifune lisafune.

Ndine bambo ako.


11 Juni

Iwe Kansingano,

Moni wake ndi wachidule lero. Wawerenga kalata ya bambo ako? Ngati sunawerenge, siya iyi, yamba iyo. Ndi mabatani, iwe. Tinalakwa tonse awiri, koma ine kwambiri chifukwa ndine wamkulu. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya n'kukugawirako.

Ndikanakwera basi, koma ulendo wa masiku awiri, bambo ako ndiwasiya ndi ndani? Dzana anaiwala simbi ya makala pa buluku la mwini wake. M'mawa uliwonse akumapita ku positi kukafunsa, wa pa windo mpaka akumangopukusa mutu iwo ali patali. Akabwerako amati, mwana wanga atsegula, musamuweruze.

Ndalemba ndi pa envelopu pomwe kuti uone. Ukapanda kumva, ndidzakukoka makutu ndi setifiketi yako yomweyo.

Azakhali ako.


22 Juni

Bambo,

Moni. Sindikudziwa poyambira, ndiye ndingonena mmene zinayendera.

Makalata onse awiri anafika nthawi yake. Ndinawaika pa shelefu n'kuwapsinja ndi Baibulo. Zilembo zanu ndinaziona. Pa envelopu ya azakhali panali mawu oti tsegula msanga, ine ndinati ameneyu ndi woyesa, akufuna ndiphonye patatsala masiku ochepa. Ndinachonga pepala langa monyadira.

Dzulo masana tinatentha. Kathumba kanu ndinakaponya ndekha, anzanga akuimba. Mgolo wanga unakoka moto bwino kwambiri.

Lero m'mawa ndinatsegula kalata yanu nditavala kale malaya oyera okalandirira setifiketi. Ndinawerenga chiimire. Nditafika pa batani lobenthuka ndinathamangira kuseri kwa tchalitchi. Mgolo unali utazizira. Ndinaugudubuza n'kuyamba kusefa phulusa ndi manja. Apulasitiki onse anasungunuka, agwirana chibuma chimodzi chakuda, simungadziwe kuti langa ndi liti, la azakhali ndi liti. Latsala lathunthu ndi limodzi, lachitsulo lija. Ntchito yanga ndi ya moto, ndimadziwa chimene chimapsa ndi chimene sichipsa. Koma ndikanakonda likanapsa limeneli n'kutsala enawo.

Bambo, ndikuululireni. Munthu ameneyo ine sindinamukhululukire. Tsiku lija ndili kuseri kwa makina ndinakondwa mutamukankha, ndinkafuna mumumenye. Mpaka lero munthu aliyense akabweretsa lole ku ntchito kuti tiiwotcherere, ndimauza mnzanga kuti agwire ndiye. Pa miyezi yonse ya maphunziro sindinamutchulepo ndi kamodzi komwe. Pa pepala langa panalibe mzere wake.

Aphunzitsi anandipeza ndili m'phulusa. Ndinawapatsa kalata yanu. Anawerenga, anakhala pansi pa njerwa osasamala suti yawo, n'kunena kuti, cholakwa ndi changa, ndine ndinakuuza kuti usamasule. Akuti akulemberani okha. Setifiketi ndalandira ndi zikhadabo zakuda, ndipo ndikuchita nayo manyazi.

M'kaphukusi aka muli chibumacho. Mulinso batani la malaya amene ndavala lero, ndalidula ndi lezala, ngati mungalole kundiikanso m'thumba lanu. Lachitsulo lija ndalephera kuliika m'phukusi. Kulitaya ndalepheranso. Lili pa tebulo pano, likundiyang'ana. Ndiuzeni chochita.

Ndikhululukireni, Bambo.

Ine mwana wanu.


2 Julayi

Mwana wanga Kansingano,

Ndayamba ndi moni. Uli bwanji? Ife tadzuka. Kaphukusi kafika. Batani lako ndalandira, koma unadula moipa, unang'amba ndi nsalu yomwe. Mwana wa telala kuchita zimenezi. Ubwere nawo malayawo ndidzakonze anthu asanadziwe kuti ndiwe wanga.

Sindikubisa, ndinalira. Tsiku lonse sindinagwire lumo. Za kukhululuka usafunsenso, ndinakukhululukira tsiku limene ndinaona mgolo m'kalata yako. Iwe unkafuna kupulumutsa bambo ako. Ana ena saona n'komwe kuti bambo awo amagonera pilo wanji. Kungoti ulendo wina, usanadule nsalu ya mwini wake, uzimufunsa.

Ndasoka kathumba kena. Ine ndi azakhali ako tinakhala pakhonde masiku atatu, ine kufotokoza nkhope, iwo kutchula munthu. Mutu wawo ndi msika, mulibe amene anasowamo. Mwana wa mayi wa makala uja akuti anali wamkazi. Tapeza khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo aliyense ndamusankhira batani lofananako m'chitini. Chala chikuphunzira, pang'onopang'ono. Anayi atipulumuka, sitikuwadziwa. Ndiye chibuma chako chija ndachiika pansi pa kathumba. Ndikachigwira ndimati, Ambuye, amene ndawaiwala ali umu, Inu simudalira batani.

Azakhali ako, poti pakamwa pawo sipagona chinthu, nkhani anaifalitsa msika wonse. Ndinawakalipira, koma tamva zimene zachitika. Lachisanu kunabwera wometa tsitsi uja, batani lili m'manja, shati ili yasa pamimba. Akuti, Atelala, ndamva kuti langa linapsa. Sanalimo n'komwe m'kathumba munthu ameneyu. Ndinalandira, sindinamuuze. Pambuyo pake kunabwera wa pa windo la positi, ndi amayi aja ankati mankhwala akundichoka m'thupi, ndi enanso. Pano akwana makumi atatu ndi limodzi, shopu ndikumatsegula dzuwa litakwera. Chitseko cha kuchipinda ndikumachisiya chotsegula, azakhali ako amagwada pambali kuti ndikaima andikumbutse. Amapemphera ngati akutsatsa tomato, koma Mulungu anawalenga yekha.

Setifiketi usachite nayo manyazi, ndipo pepala lako la mizere usalitaye. Lakuphunzitsa kudzuka ndi kugwada, zimenezo si zazing'ono. Aphunzitsi ako uwauze kuti munthu wokhala pa njerwa n'kuvomera kulakwa ndi woyenera kumutsata. Unati mphindi zisanu zikatha mawu amakuthera. N'chifukwa choti umagwada wekha. Lowetsamo anthu, uona theka la ola likuchepera.

Tsopano za lachitsulo. Usalitumize. Ine ndinathana nalo, ndipo munthu ameneyo sindifuna batani kuti ndimukumbukire. Moto wakusiyira iwe. M'mawa usanayatse makina ako, uligwire, unene kuti Ambuye, mudalitseni munthu uyu ndi ana ake. Ukhala ngati ukunama. Nena choncho. Tsiku limene mawu akane kutuluka, ungoligwira, osachonga, mawa uyambenso. Ine kuno ndizinena mawu omwewo, tikhala awiri pa munthu mmodzi. Ine zinanditengera zaka khumi ndi chimodzi. Iwe poti uli ndi sukulu, mwina zikutengera khumi.

Uzidya masiku amene si Lachitatu. Azakhali ako akuti makutu ako awasungira.

Batani lako latsopano lija sindinaliike m'kathumba. Ndalisokera m'kati mwa jekete, kumanzere, ndi ulusi wapawiri. Wofuna kulitentha ayambe watentha ine.

Ndine bambo ako.